Voti ya Mjigo Tsiku Lachisanu

Chaka chimenecho khonsolo yathu inali ndi magweru ngati mkamwa mwa nkhalamba. Khansala wa ku Dwambazi anali atamwalira, wa ku Nkhunga atatula pansi udindo, ndipo chisankho chachibwereza chinkangolonjezedwa. Ine ndinali khansala wa dera lina cha ku Benga, mzimayi wogulitsa usipa, wodziwika ndi pakamwa.

Nkhani yanga inali ya mjigo. Mudzi wina m'dera langa unkamwa madzi a m'khwawa, ndipo dzinja lapitalo kolera inatenga ana kumeneko. Voti ikanalephereka tsiku limenelo, mvula ikanayamba galimoto yokumba isanalowe, poti msewu wake ndi wa m'dambo.

Tisanayambe n'komwe, mkangano unabuka pa kolamu, chiwerengero cha makhansala ofunika kukhalapo kuti voti igwire ntchito. Kodi mipando yopanda anthu nayo tiiwerenge? Ine ndinati akufa savota. Wapampando anagamula kuti mpando ndi mpando, kaya pali munthu kaya palibe. Titawerengana, tinapezeka kuti tangokwanira ndendende. Mafumu analipo, koma iwo savota. Mmodzi wa ife akanangotuluka, basi.

Ndiye linali Lachisanu. Amene anasankha tsikulo ndimamukayikirabe mpaka lero.

M'mawa wonse unathera pa zimbudzi za mumsika, ine ndikungotuluka thukuta. Nkhani yanga itangofika, azana inamveka kumzikiti kuitanira anthu ku swala ya Ijuma, mapemphero a Lachisanu. Khansala wa pa boma, bambo wachikulire amene sanaphonyepo swalayi, anaimirira. Bambowa ndi ine sitinkamwerana madzi, chifukwa mjigowo ankaufuna kudera kwawo.

Ndinachita mantha enieni.

“Bambo, chonde,” ndinatero. “Mukatuluka, zathera pompano.”

“Mayi, kuwerenga ndimadziwa,” anayankha. “Koma uko akuitanako si kukhonsolo.”

Anayenda mpaka pakhomo. Kunjako azana inkapitirira. Anagwira chitseko, n'kuima nthawi yaitali ndithu. Kenaka anabwerera, nakhala pansi.

“Apampando, fulumizani.”

Wapampando sadziwa kufulumira. Anafotokozanso nkhani yonse kuchokera pachiyambi, wina n'kufunsa funso, winanso lake. Potsiriza ofuna mjigo tinakweza manja. Atafunsa okana, dzanja la bambo aja linakwera nganganga, lokhalokha. Mjigo unadutsa.

Ndinawathamangira panja, mtima uli pawiri.

“Nanga mwakaniranji, mutatsala kale?”

“Anthu anga anandituma kudzakana, ndiye ndakana,” anatero akuyenda. “Zoti ndithawe kuti ana a eni azimwa matope, sanandituma zimenezo.”

Anawoloka msewu mothamanga, ukalamba uli apo. Koma pakhomo pa mzikiti anthu anali akutuluka kale, akufunafuna nsapato zawo. Bambo aja anaima m'mbali mwa msewu n'kumawapatsa njira. Ine, amene ndinali nditapambana, misozi inangotsika.