Chiwaya Chamakwinya cha Apongozi

Anthu amaganiza kuti chiwaya chimabadwa chokumbika kale. Ayi ndithu. Chimayamba chili chivindikiro cha diramu, chathyathyathya, chouma mutu. Pa shedi ya amalume anga kuseri kwa msika wa Mangochi, komwe ndinathawira nditasiya sukulu, timachigoneka pa limu ya tayala la lole, n'kuchipana m'mphepete ndi mkombero wachitsulo. Kenako jeke imakankha pakati mpaka chitsulo chitamira m'dzenje la limuyo.

Nzeru yonse ili pa kuterera. M'mphepete mumafuna mafuta kuti chitsulo chiziyenda. Mukauma, chimakakamira n'kung'ambika. Ukamasula mkombero mopitirira, chimathamanga n'kuchita makwinya ngati chipumi cha amalume. Ife timapaka oyilo wakuda wa m'magalimoto, tikamaliza n'kuchiwotcha pamoto.

Chaka chimenecho ndinkafunsira mtsikana wa ku Nkope. Mayi ake amakazinga kanyenya pamsewu. Sanandifunse za mtundu wanga kapena za sukulu, mwamwayi. Anangoti, "Akuti mumapanga ziwaya? Tione. Koma oyilo wakuda ayi, makasitomala anga sadya injini."

Ndinayesa mafuta ophikira pa tizidutswa. Jeke ikangofinya, ankathawa ngati mboni yakuba. Ndili mkati motukwana chitsulo, kunatulukira mnansi wathu wowotcherera mawindo, Mkhristu wa pakamwa ngati kondakitala wa minibasi.

"Achimwene, mukuvutikiranji? Mafuta a nkhumba! Chitsulo chimayenda ngati mlamba m'matope."

Kuuza Msilamu ngati ine zimenezo! Ndinamuponyera hamala. Inamuphonya, n'kukamenya diramu yopanda kanthu. Phokoso lake linaitana msika wonse, ndipo aliyense amene sanamve za nkhumba anafunsa, namva.

Mapeto ake ndinapaka sopo wochapira, wonyowetsa pang'ono. Chiwaya chinatuluka chosalala, chakuya, choti ukhoza kumetera ndevu. Ndinakwera nacho matola. Mbiri ilibe matayala, koma inandipitirira tisanafike pa Nkopola.

"Chokongola," anatero amayi aja, manja ali kumbuyo. "Chiikeni uko, kunja kwa mpanda."

"Amayi, ndi sopo, wallahi!"

"Sopo wakeyo ali ndi miyendo ingati?"

Magazi anakwera mpaka m'makutu. Koma pakhomo la khitchini panaima mtsikana uja, maso ali tong'o pa ine, ngati akuti tsegula pakamwapo uone. Ndinanyamula chiwaya changa, ndinabwerera.

Amalume anandilandira ndi chifundo chawo cha masiku onse. "Mphwanga, mnzako uja anangonena. Wolalikira ndiwe, ndi hamala yako. Tsono maso a amayiwo ndiwo akhale mboni. Tenga limu, tenga jeke, kapangire pakhomo pawo."

Munanyamulapo limu ya lole pa matola odzaza madengu a usipa? Anthu anandidalitsa njira yonse, mu Chiyao ndi mu Chichewa momwe.

Pabwalo pawo amayi anayala mkeka, naitana anzawo. Sopo anatulutsa wawo, anadula okha, anapaka okha m'mphepete, paliponse pamene ndinawalozera. Ine ndinayamba kupopa jeke. Chitsulo chinalira, kulira kuja kumene chimalira chikafuna kung'ambika. Chivindikiro chinali chimodzi chokha. Ku shedi ndikanatukwana, mtima n'kukhala pansi, dzanja n'kudziwa chochita. Koma ungatukwane pamaso pa apongozi? Ndinangomwetulira ngati wojambulitsa chithunzi, n'kumasula mkombero. Ndinamasula kwambiri. Chitsulo chinathamanga mbali imodzi, makwinya mbwee, ngati siketi ya mwana wa sukulu.

Ine ndinayamba kale kuganiza za matola obwerera.

Amayi anayendetsa chala m'makwinyamo, anachinunkhiza, anachigogoda ndi chikhatho.

"Makwinya si haramu," anatero. "Ngakhale ine ndili nawo. Kauzeni amalume anu abwere tidzakambirane."

Mtsikana uja lero ndi mayi wa kunyumba kwanga. Chiwaya chamakwinya chikukazingabe kanyenya ku Nkope, ndipo aliyense wofunsa amauzidwa kuti anapanga ndi mkamwini wawo, mmisiri wa ku tauni. Dzina langa la ntchito laima pa chimenecho.

Chosalala chija anatenga wowotcherera mawindo. Zimene mkazi wake amakazingiramo Loweruka, musandifunse.