Kabolodi m'lichero langa

Mdzukulu wanga wamkazi, amene amaphunzira za makompyuta ku Chipata, anabwera kuno ku Vubwi mitambo itayamba kuda. Ndinati ndapuma, chifukwa mtedza wambewu unali wosaswa, ndipo zala zangazi nyamakazi inazipinda kalekale.

Koma mwanayo anatulutsa m'chikwama kabolodi kobiriwira, kochepa ngati chikhatho, kopanda n'chivundikiro chomwe. Anakaika m'lichero langa, pamwamba pa mtondo, kuti nkhuku zisakajomphe, nakalumikiza ku batire la sola.

"Agogo, aka ndi kakompyuta. Ndikukaphunzitsa kunamiza makina a gemu, aziyesa kuti ndi kaja ka mabatani kogwira m'manja."

"Iwe, kusukuluko akukuphunzitsa bodza?"

Anangoseka osadzutsa mutu. Kukacha, iye pa laputopu, kulemba, kufufuta, kulembanso, makinawo n'kumakana ndithu kukazindikira kabolodiko. Netiweki ikathawa ankakwera pachulu, foni ili m'mwamba. Ine pamphasa, kuswa ndekha, kupeta ndi beseni popeza lichero linali ndi mlendo.

Tsiku lina masana anakuwa. Ndinadzikoka kukaona, ndipo ndinapeza kamunthu ka pa sikirini kakudumpha kokha, popanda wodina batani.

"Zikomo," ndinatero. "Popeza kakusewera kokha, manja ako alibe chochita. Bwera tiswe."

"Agogo, pepani, mawa ndikwera minibasi. Ndikaonetse aphunzitsi."

Anaswa nane madzulo amenewo okha, akudandaula matuza. Mvula itagwa ndinadzala theka la munda, poti mtedza woswawo unathera pomwepo. Kwinako kunamera udzu, ndipo ndinalibe mphamvu zoukwiyira.