Kaampu M'chitenje

Ndimayimba gitala ya besi kutchalitchi kwathu, pa boma la Chadiza. Ndinaiphunzira ndili ku koleji ku Chipata, kumene ndinatenga satifiketi ya kaphunzitsidwe ka ana aang'ono. Satifiketi imeneyi ndiitchuliretu, chifukwa ndi imene imandichititsa manyazi kwambiri pa nkhaniyi. Ndinakhala m'kalasi ine, ndinalemba m'kope ndi dzanja langa za makutu a khanda. Sindinganene kuti sindinkadziwa.

Mwana wanga wamkazi atakwanitsa miyezi inayi, atsogoleri a kwaya anandiuza kuti ndibwerere, popeza amene ankagwirizira malo anga anali atasamutsidwa kuntchito. Zala zinali zitauma. Gitala ya tchalitchi anandilola kuti ndizipita nayo kunyumba, koma ampu yake, chokuzira mawu chija, ndi chimphona, amainyamula anthu awiri, ndipo besi yopanda ampu imangomveka ngati munthu akukoka waya wa mpanda. Ndiye tsiku lina ndinakwera minibasi ya ku Chipata, mwana kumbuyo, kukafuna ampu yaing'ono yoyesererapo.

Mwini shopu ya zamagetsi anandiikira zitatu pa kauntala. Yoyamba inkafuna soketi, pamene kwathu magetsi amachoka m'mawa n'kubwera nthawi imene afuna okha. Yachiwiri inali sipika wamba ya nyimbo za pa foni. Kachitatu kanali kakang'ono ngati theka la njerwa, kochajidwa ngati foni, kumbuyo kwake kuli kachitsulo kokolowekera pa lamba. Ndinapempha kuti tikayese ndi gitala ya besi yeniyeni, chifukwa tisipika tating'ono timapokosera ukagunda chingwe chachikulu chija. Bamboyo anaseka, nati azimayi obwera ndi mwana kumbuyo amagula ayironi, osati zimenezi, komabe anatsitsa gitala pa khoma. Kanalira bwino, bola osakweza kupitirira theka. Anafunanso kundigulitsa mahedifoni, akuti ndisamasokoneze anthu. Ndinakana. Ndinati ndikatseka makutu, mwana akalira ndimva bwanji? Ndinatuluka m'shopumo ndikudziona ngati mayi wosamala kwambiri.

Sabata yomwe ndinayenera kuyamba kuyimba, kunagwa maliro nyumba yachitatu kuchokera pathu. Kwathu maliro akagwa pafupi, wailesi umazimitsa, ngakhale kuseka umasekera m'kamwa. Munthu amene angamveke akuliza gitala anzake akulira, anthu samuiwala, ndipo ena amayamba kunong'ona kuti mwina akudziwapo kanthu pa imfayo. M'mawa ndinkapita kukatunga madzi ndi amayi anzanga kusiwa, masana n'kubwera kudzayamwitsa mwana. Lamulungu linali pafupi, ndipo nyimbo ziwiri zinali zisanalowe m'zala.

Ndinatseka mawindo, n'kutsitsa kaampu mpaka pansi. Sindinkamva kanthu. Kenako mwangozi ndinakatsamira ndi nthiti, ndipo ndinazindikira kuti besi ukaigunditsa pathupi, umaimva m'mafupa ngakhale khutu lisakumva bwino. Ndiye ndinakakoloweka pa lamba wa gitala, kumbuyo kwa phewa lamanzere, n'kubereka mwana monga mwa masiku onse, chitenje n'kuphimba zonse ziwiri, pamwamba n'kuponyaponso shawelo. M'katimo ndinakweza mpaka theka. Ife chilichonse timaika m'chitenje, foni, makiyi, khadi ya sikelo. Sindinaone chachilendo. Mayi woyandikana naye atabwera kudzabwereka beseni, sanamve kalikonse mpaka anagogoda, ndipo ndinakondwera kuti ndachenjera.

Chinanso chinachitika. Mwana ameneyu anali wolira, wolira zoti ndinkalira naye. Koma tsiku limenelo ndisanamalize nyimbo yoyamba, ndinamva kamutu kake kalemera pamsana, tsaya lamanzere litatsamira pomwe panali kaampu. Anagona tulo tomwe anali asanagonepo. Maliro anatha, anthu anayatsanso mawailesi, ine sindinasiye. Akayamba kulira, ndinkangotenga gitala. Ndinachita zimenezi pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi iwiri.

Amene anaona ndi apongozi anga, mayi a amuna anga. Anabwera kuchokera ku Zingalume ndi kathumba ka mtedza. Tinakhala pakhonde tikusenda, mdzukulu wawo ali pamiyendo pawo. Mbale yachitsulo inagwa pa simenti kumbuyo kwawo. Ine ndinadzidzimuka, nkhuku zinathawa, koma mwana anangopitiriza kuyamwa chala. Apongozi anamukhazika bwino, n'kuwomba m'manja kumbuyo kwa khutu lamanzere. Palibe. Anawombanso kumanja, ndipo anatembenuka, koma mochedwa.

"Amake mwana," anatero, "mwana uyu amamva bwinobwino?"

Ndinati amatero akakhuta, samasamala za munthu. Ndinanama ndikuwayang'ana m'maso. Anandifunsa ngati madzi sanalowe m'khutu pomusambitsa, ngati sanatenthepo thupi. Ndinkangoti kaya. Kaampu kanali pa chaja m'chipinda, kuseri kwa chitseko chomwe iwo anatsamira. Pochoka anandiuza kuti ndisachedwe, ndipite naye kukiliniki, ndipo ananena mofatsa, mondimvera chisoni, zomwe zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Masiku otsatira sindinachite china koma kumuyesa. Ndinkamuzembera kumbuyo ndi supuni ndi kapu. Ndinkagwedeza makiyi. Ndinkang'amba pepala pafupi ndi khutu. Nthawi zina ankatembenuka, ine n'kugwada pansi kuthokoza Mulungu, kenako n'kuganiza kuti mwina wangomva mphepo ya dzanja langa, n'kuyambiranso. Mpaka anayamba kulira akangondiona ndagwira supuni. Ndinatsegula kope langa la ku koleji ndipo ndinapeza mzere womwe ndinkaudziwa kale, wolembedwa ndi inki yabuluu, wonena kuti phokoso la pafupi ndi khutu la khanda limaononga m'kati momwe simuchira. Kaampu ndinakakwirira pansi pa mabuku m'katoni momwe ndinatulutsa kopelo.

Amuna anga amaphunzitsa ku Pembamoyo, amabwera Lachisanu. Anabwera, sindinawauze. Anafunsa chifukwa chake sindikuyeserera, ndinati zala zikupweteka. Lamulungu ndinayimba kutchalitchi mwana nditamusiya ndi amayi ena panja pa mtengo, kutali ndi masipika. Abusa atati aliyense amene ali ndi cholemetsa abwere kutsogolo, ndinagwiritsitsa gitala. Ndinkaona m'maganizo mwanga mwana wanga atakula, ali m'kalasi, aphunzitsi akumuitana iye osayankha, anzake akumuseka, ine ndikudziwa chifukwa chake.

Tsiku la sikelo ndinaika kaampu m'chikwama pamodzi ndi khadi ndi matewera. Pamzere ndinkalola amayi anzanga kundidutsa, mmodzi mmodzi, ndikunamizira kumusintha mwana, kufikira nditatsala ndekha. Anesi anali mayi wachikulire, wotopa. Atamuyeza mwana kulemera, ndinatulutsa kaampu n'kukaika patebulo. Anandifunsa ngati ndikugulitsa mawailesi. Ndinafotokoza zonse, za maliro, za lamba, za chitenje, za miyezi iwiri. Mawu ankatuluka mosalongosoka. Ndinanenanso za satifiketi, sindikudziwa chifukwa chake. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatenga katochi n'kuyang'ana m'makutu onse awiri. Anati lamanzere ndi lofiira m'kati ndipo latupa, matenda amene ana ambiri amadwala, ndipo khutu lotere silimva bwino ngakhale mayi ake asanagwirepo gitala.

"Ndiye si ine?" ndinafunsa.

"Mayi, sindinganene kuti ndi kameneka. Sindinganenenso kuti si kameneka. Kuno tilibe choyezera. Mumwetseni mankhwalawa mpaka athe, ndipo kalata iyi mupite nayo ku Chipata. Kanthu aka kasayandikirenso mutu wa mwana."

Kalata ija sindikanaibisa. Lachisanu amuna anga atafika, asanavule nsapato, ndinawapatsa. Anawerenga kawiri. Ndinawauza zonse nditaimirira pakhomo la chipinda, ndikudikira kuti andiuze ndilongedze ndizipita kwathu. Anafunsa kuti ndi masiku angati. Nditati miyezi iwiri, anakhala pampando n'kugwira mutu. Kenako anati anandionapo Loweruka lina ndikuyimba mwana ali kumbuyo, anaona chotupa pansi pa shawelo, anadziwa kuti ndi kaampu, ndipo anauza aphunzitsi anzawo kuti akazi awo apeza mankhwala a mwana wolira.

"Ndinakuyamikirani, amake mwana," anatero. "Musalire ngati munali nokha m'nyumba muno."

Sizinandipepukitse. Zinangoti tsopano amantha tili awiri.

Ku Chipata tinapita limodzi. Mwana anamuika timawaya kumutu ali m'tulo, ine nditamufungatira, ndikuopa ngakhale kupuma. Adokotala anati khutu lamanja lili bwino kwambiri. Lamanzere limamva, koma mofooka. Anati mwina lidzabwerera kutupa kukatheratu, mwina lidzatsala choncho, ndipo tizibwera naye kudzamuyeza akamakula. Ndinawafunsa funso lija ndinafunsa anesi. Anayankha kuti chimene chinayambitsa sangachidziwe, ndipo n'kutheka kuti sitidzachidziwa. Anati mwana wa khutu limodzi labwino amalankhula, amaphunzira, bola aphunzitsi adziwe mbali yomukhazika.

Panopa ali ndi chaka ndi miyezi itatu. Amati mama, amati tata, amaitana nkhuku. Besi ndimayimbabe, koma ndimakayeserera kutchalitchi Loweruka, iye ali kunyumba ndi bambo ake. Ndikamamubereka ndimatembenuza mutu wake kuti khutu lamanja likhale kunja. Apongozi amadziwa za matenda a m'khutu okha basi. Akabwera amandiyamikira kuti ndinafulumira kupita kukiliniki, ine ndimangoti zikomo, maso ali pansi, ndipo sindikudziwa tsiku limene ndidzapeze pakamwa powauzira zinazo.

Kumuyesa sindinasiye, ngakhale adokotala anati ndisamamuvutitse. Dzulo ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo pabwalo. Ndinaima kumanzere kwake, chapataliko, n'kumuitana motsitsa mawu kwambiri. Anatembenuka. Ndinatsala pang'ono kuthamanga kukamunyamula, koma ndinaona kuti dzuwa linali kumbuyo kwanga, ndipo mthunzi wanga unali utagwera pomwe ankasewerapo.