Dzenje la Che Amisi

Ntchito ya kumgodi ndinaipeza pamsika wa Vila Cabral, kumene lero mukuti Lichinga. Ndinkagulitsa mbatata ya kachewere ya amalume a ku Chimbonila, m'mawa wa chisanu choluma zala, pamene kapatazi, kapitawo wa kompanyia ina yokumba golide, anandiyang'ana mapewa n'kuti, "Iwe, ungapukuse chingwe?" Ndinavomera ndisanadziwe n'komwe kuti n'chingwe chanji.

Mgodiwo unali kumapiri a kumpoto. Tinalipo magulu awiri: ife olembedwa mwakufuna kwathu, ndi anzathu a chibalo, amene asipayu, apolisi a boma la Apwitikizi, ankawagwira m'midzi n'kubwera nawo. Ine anandiika pa sarilyo, mtengo wopukusa wopingasa pakamwa pa dzenje. Wapansi m'dzenjemo amagumula ndi pikareta, ndiye piki, kudzaza ndowa ndi fosholo, n'kugwedeza chingwe. Ine ndipukusa, ndowa ikwera, ena atenga dothilo kukalitsuka kumtsinje m'bateya, mbale yathabwa yosefera golide. M'maenje a olembedwa ankaikamo mizati yochirikiza makoma. M'maenje a achibalo, ayi. Ankati kudula mitengo kumadya nthawi.

Langa linali dzenje la achibalo, ndipo wapansi wanga anali Che Amisi, msodzi wa kunyanja, Msilamu. Pakamwa pake sipankauma. "Achimwene, mukupukusa kapena mukuwodzera? Ndimera imvi muno!" Ndinkamukonda munthu ameneyo.

Tsiku lina, mvula itavumba masiku angapo, khoma linagumuka, Che Amisi ali pansi. Ndinangomva kuti phuu! Ndinaitana dzina lake mpaka mawu kusasa, koma pansi panali zii.

Kapatazi anasuzumira n'kuti, "Wafa kale ameneyo. Kwirirani dzenjelo, mupite pa lina."

Palibe anakuwa. Achibalo anangotula mafosholo n'kukhala pansi. Wamkulu mwa iwo, Che Musa, analankhula mofatsa: "Bwana, Msilamu sakwiriridwa chiimire, matope ali kumaso. Timusambitse, timuveke nsanda, tim'goneke nkhope italoza ku Kibula, kumene timaloza popemphera. Munam'tenga kwawo ndinu."

Kapatazi anaitanitsa mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja. Che Musa anatambasula zikhatho zonse ziwiri n'kudikira. Mnzake anatambasula, winanso anatambasula. Ife olembedwa tinasiya zingwe n'kukakhala nawo.

Mzungu mwini mgodi anatsika kuchokera kunyumba kwake. Sanayang'ane dzenje, anayang'ana mabateya ali gada kumtsinje. "Kumbani, koma msanga," anatero. Chisoni sindinachione pankhope pake, ndipo sindidzam'namizira kuti anali nacho. Koma taonani, mizati imene inasowa munthu ali moyo inapezeka tsiku lomwelo! Mpaka lero zimandiwawa.

Tinachirikiza makoma, Che Musa n'kutsika. Ine ndinapukusa ndowa pambuyo pa ndowa, manja kutuluka matuza. Dzuwa litapendeka, Che Amisi anakwera pa chingwe changa chomwe chija, ndipo ndinapukusa pang'onopang'ono kuti asagunde khoma. Nsalu ya nsanda kompanyia inakana. Che Musa anapereka mkanjo wake woyera wopempherera kuti ukhale nsanda. Anam'sambitsa kuseri kwa mpanda wa udzu, n'kumuika pamtunda pouma. Ine Mkhristu ndinaimirira kumbuyo, chipewa m'manja.

Ndagwira m'migodi ina pambuyo pake, ndipo paliponse ndimayamba ndafunsa za mizati. Kompanyia ikam'tsitsa munthu m'dzenje, kum'tulutsa ndi udindo wake, ndipo am'tulutse wamoyo. Wolembedwa kaya wogwidwa, ali ndi kwawo kumene akum'dikira.

Dzinja litatha kunabwera mayi wina woyenda pansi kuchokera kunyanja, mwana kumsana, mapazi atang'ambika. Anandipeza pa sarilyo.

"Bambo, ndine mkazi wa Che Amisi. Ndamva zonse. Ndingofuna mundionetse pamene agona."

Ndinasiya chingwe n'kum'tsogolera pamtunda paja. Anagwada, namasula mwana kumsana, n'kum'khazika pambali pa mtumbira.

"Atate ako ndi awa," anatero.