Magolovesi a Mabvuto

Timu yathu ya mpira ku Mtendere inali ndi peyala imodzi yokha ya magolovesi, ndipo amene ankawasunga kunyumba ndiye anali goloboyi. Mabvuto anawasunga zaka zambiri. Titatuluka mu ligi, ine monga kochi ndinayamba kusaka osewera atsopano, ndipo ndinapeza Chanda, goloboyi wamtali wa ku Chawama amene analibe timu.

Kumuuza Mabvuto zoona kunandikanika. Ndinapita kwawo n'kunena kuti, "Nipase magolovesi, nifuna kupeleka kuli ba telala basoke chala chong'ambika."

"Kulibe vuto, ba Kochi," anatero. Anayamba wawachapa, n'kundipatsa ali onyowa.

Loweruka anafika pabwalo n'kuwaona m'manja mwa Chanda, chala chong'ambika chija chili chomwecho. Ine ndinawerama n'kumamanga zingwe za nsapato zomangamanga kale.

Chanda anandilumbirira kuti adzafera timu yathu. Mwezi usanathe, timu ya ku Kalingalinga inamukopa, ndipo anapita osatsanzika, ndi magolovesi omwe. Mpaka lero ndikamuona mtima umandiwawa.

Ndinabwerera kwa Mabvuto manyazi atandigwira, kukamupempha kuti abwerere pagolo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa, "Ba Kochi, ba telala basiliza kusoka?"