A Maynard Anakhota Chingwe Chikuoneka

A Maynard ndi a mudzi woyandikana ndi wathu, kumtunda kwa Nsipe. Ntchito yawo kuyambira ali mnyamata ndi yotsitsa kachewere pa njinga kuchoka kumapiri kupita naye kumsika wa m'mbali mwa msewu waukulu. Ndi munthu wamfupi, woonda, koma akatumba a miyendo yawo amaoneka ngati anachita kubwereka kwa munthu wina. Njinga yawo ndi yakuda, yakalekale, ndipo kaliyala yake anaiwotcherera ndi zitsulo za pawindo. Masiku amenewo akamanga matumba, munthu sankaoneka. Unkangoona kachewere akutsika phiri yekha, belu likulira.

Mnzawo wapamtima anali malemu amuna anga, a Julius. Awiriwa ankagwirizana pa zonse, za feteleza, za mvula, ngakhale za zipani zimene zinali zitangobwera kumene, kupatula nkhani imodzi. Ankakangana kuti masewera ovuta kwambiri kuti munthu akhale katswiri wa dziko lonse lapansi ndi ati. Mkanganowu unabadwira pakhonde la sitolo ya a Sumani, pamene panali kanema woyendera batire la galimoto, ndipo unkafika mpaka pakhomo pathu.

A Julius ankati ndi mpira wa miyendo, chifukwa mwana aliyense padziko, ngakhale wopanda nsapato, amamenya chikulunga, ndiye kuti upambane khamu lonselo si zamasewera. A Maynard ankati mpira ndi wa anthu aulesi, chifukwa ukaluza uli ndi anzako ambirimbiri oti uwanamizire, pamene pa njinga umakhala iwe ndi phiri basi. Tsiku lina anapempha a Sumani kuti aweruze. A Sumani anati ndi nkhonya, poti ndi kokhako kumene woluza amapita kwawo mano ataperewera. Apo awiri aja anagwirizana kuti munthu wogulitsa sopo sangadziwe za masewera.

Zinthu zinasintha tsiku limene kanemayo anaonetsa azungu akupikisana pa njinga m'mapiri a kwawo. A Maynard anaonera kukamwa kuli pululu. Mpikisanowo utatha anatembenukira a Julius n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwaona, achimwene? Onsewa alibe katundu."

Kuyambira pamenepo anakhulupirira kuti katswiri wa dziko lonse ndi iwowo, kungoti dzikolo silinauzidwe. Anakonza ndi makwerero ake omwe: ayambe apambana mu Ntcheu, kenako ku Blantyre, kenako Africa yense, n'kumalizira kwa azunguko. A Julius ankangowapempha kuti akakafika kumeneko adzatitumizireko chubu.

Ndiye kampani ina yogulitsa matayala inalengeza mpikisano wa njinga. Unali woyambira pa Nsipe, kukwera msewu wafumbi wodutsa m'midzi yathu, n'kuzungulira kubwerera pa Nsipe pomwepo. Wopambana ankayenera kukapikisana ku Blantyre. Nthawi imeneyo imvi zinali zitayamba kale kuwatuluka a Maynard, ndipo ankadziwa kuti mwayi wotere sudzawapezanso miyendo ikadali yawo.

Kukonzekera kunavuta pa chinthu chimene palibe anachiganizira. Atachotsa matumba, njinga inakana. Inkavina uku ndi uku ngati yaledzera, mpaka inakawagwetsera m'dimba la kabichi la eni ake. Munthu amene anali asanagwepo ndi katundu wolemera kuposa iye mwini anagwa chifukwa chopanda katundu. Atalingalira, anaganiza zoti adzapikisana atamanga theka la thumba la kachewere kumbuyo kuti njinga izikhala ndi ulemu. Anadulanso thalauza lawo lina kuti likhale kabudula ngati wa azungu aja. Akazi awo, a Esnath, anakhala masiku angapo akuwayankha ndi mutu wokha, chifukwa thalauzalo linali lopitira kutchalitchi.

Nthawi yonseyi a Julius anali chigonere ndi chifuwa. A Maynard ankabwera dzuwa likapendeka, n'kukhala pamphasa pafupi nawo, mkangano n'kupitirira pomwe unalekera dzulo lake. Amuna anga analonjeza kuti tsiku la mpikisano tidzawanyamule pampando n'kukawakhazika m'mbali mwa msewu kuti adzaseke bwinobwino kachewere akamadutsa.

A Maynard anakagona ku Nsipe kuti asachedwe poyambira. Mbandakucha wa tsiku la mpikisanolo, a Julius anatisiya.

Anyamata anakayala masamba pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi, monga timachitira pakagwa zovuta, kuti wodutsa aliyense atsike pa njinga, avule chipewa, ayende pansi mpaka atapitirira. Za mpikisano palibe anazikumbukira. Ine ndinali m'nyumba ndi amayi anzanga, koma chitseko chathu chinayang'ana kumsewu ndipo chinali chotsegula.

Dzuwa litakwera tinamva belu, kenako mabuleki akulira. Anali a Maynard, ali okhaokha, anzawo atawasiya kutali moti ngakhale fumbi lawo silinkaoneka. Anatsika pamasamba paja, kuvula kapu, n'kuyamba kukankha njinga mofulumira, maso akufufuza kuti zagwa pakhomo pa yani. Akanatha kungoyenda mpaka masamba a kumunsi n'kukweranso, palibe akanawanena. Koma anaona azibambo atakhala pansi pa mtengo wathu wa mango. Anaima. Kenako anatsamiritsa njinga pankhokwe n'kudzakhala pakati pa akuluakulu, nambala ya mpikisano ili pachifuwa, akukokera kabudula uja pansi kuti abise mawondo, koma kabudulayo osalola.

Patapita nthawi gulu lonse linatulukira. Anyamata a kuno anatsika okha osauzidwa. Panali ena ochokera m'tauni, ovala zothina zonyezimira, amene ankafuna kungodutsa. Amalume a malemu anangoimirira ndi chibonga chawo n'kutsokomola kamodzi, onse anatsika. Ndiye panayambika mpikisano wina umene kampani ija sinakonze, woyenda pansi mofulumira koma nkhope ili yachisoni. Aliyense ankafuna kupitirira mnzake popanda kuoneka kuti akuthamanga pamaliro. Wina ankawerama kupereka ulemu kwa akuluakulu uku chigongono chikutchinga mnzake. A m'tauni aja nsapato zawo zinali ndi tizitsulo kunsi, moti ankayenda ngati nkhuku padenga la malata. Nyimbo m'nyumba muja inayamba kuchepa mphamvu, amayi ena n'kubisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

Onse atapita, amalume anadandaula kuti uthenga sunapite kwa a Lufina, mlongo wawo wa malemu, amene anakwatiwa ku Sharpevale. Mafoni a m'manja anali asanafike kumidzi, ndipo mwambo woika m'manda unali wa mawa lake. Pankafunika munthu woti akafike tsiku lomwelo. A Maynard anaimirira osadikira kutchulidwa. Anamasula kachewere uja n'kupereka kwa amayi ophika, kenako anadzagwada pakhomo.

"Alamu, pepani," anatero. "Koma mnzangayu wandichita chipongwe. Tinapangana kuti akhala pamsewu."

Anakankha njinga mpaka masamba a kumunsi, n'kukwera.

Njira ya ku Sharpevale kuchokera kwathu imadzera ku Nsipe, msewu womwewo wa mpikisano. Zotsalazi ndinamva kwa a Esnath, amene anali kumapeto kuja, ndi kwa anthu a m'midzi ya m'njira. Akuti njinga inavina ndithu popanda katundu, koma ulendo uno inkavina chopita kutsogolo. A Maynard anayamba kudutsa anzawo mmodzimmodzi, akuimba belu mwaulemu ndi kupepesa. Ena mwa a m'tauni anali atakhala pansi akumata timatayala tawo towonda tija, timene minga ya kuno sinatichitire chifundo. Potsetsereka pomaliza anali atatsala okha kutsogolo.

Pa Nsipe anali atamanga chingwe pafupi ndi msika. Panali akuluakulu a kampani, chimkuzamawu, ndi anthu ochuluka mbali zonse. Atangoonekera, msika wonse unaimirira. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda. A Esnath anaiwala za thalauza lija n'kuimba nthungululu. Wa chimkuzamawu anali atayamba kale kutchula nambala yawo.

Koma mphambano yotsikira ku Sharpevale ili chakuno, usanafike pamene panali chingwecho. A Maynard anaimba belu, anatambasula dzanja monga amachitira masiku onse pokhota, n'kukhota. Mkulu wina wa kampani anawathamangira ndi mbendera akukuwa kuti asokera, koma anangotsala ndi fumbi. Amene anadzadula chingwe anali mnyamata wa kuboma, amene anafika akuyang'ana m'mbuyo, osamvetsa chifukwa chimene anthu sakumuombera m'manja.

M'mawa mwake a Maynard anafika ndi a Lufina ali pakaliyala, adzukulu asanamalize kumanda. A Lufina akuti anapemphera njira yonse. A Maynard anati ulendo wobwererawo ndiwo unali wabwino, chifukwa njinga inapeza katundu n'kusiya kuvina.

Mpaka lero anthu amawafunsa chifukwa chimene sanangokagunda chingwe n'kubwerera, poti mtunda wake unali ngati kuchoka pakhonde kupita kuseri kwa nyumba. Ambiri amawayankha ndi nthabwala. Ine ndinawafunsa kamodzi kokha, patapita zaka, atandibweretsera kachewere monga amachitira chaka chilichonse akakumba.

"Alamu, pachingwe paja akanandinyamula m'mwamba," anatero, "ine ndili ndi maliro a Julius m'kamwa, mlongo wake asanamve. Ndikanaseka nawo bwanji?"

Mpikisano uja sunabwerenso, ndipo ku Blantyre a Maynard sanapiteko. Masiku ano njinga zamoto zinawalanda ntchito yambiri, iwo amangotsitsa thumba limodzi, ndipo potsetsereka pokha ndi pamene ana amaonabe kuti mdalayu anali ndani. Pakhonde la a Sumani, a Maynard amanena kuti mkangano unatha ndipo anapambana ndi iwo. Amati masewera ovuta ndi njinga basi, makamaka ukakhala wa ku Ntcheu, chifukwa azungu aja amawatsekera msewu, ndipo anzawo amadziwa kusankha tsiku lomwalira. Wampira, amatero, sanaimepo pakati pa bwalo kuti avule chipewa.

A Sumani amaumirirabe pa nkhonya. A Maynard amawauza kuti munthu wogulitsa sopo sangadziwe za masewera, kenako amacheukira kumanzere, kumene kunkakhala wowavomereza, n'kudzuka kukapopa tayala limene lili kale ndi mpweya.