Chikumbu cha m'phulusa

Zaka zija tinkapsa ndi dzuwa pamzere wa ufa ndi sopo, khadi la chipani lili m'thumba, mwana wanga wamkazi ankagwira ntchito yofufuza tizilombo. Anthu a m'dera lathu la Chelstone, mu Lusaka muno, ankaseka: sukulu yonse ija, kukathera kutola zikumbu!  Ine ndinkangosunga nkhope za osekawo.

Mango athu atachita maluwa, iye anagwira zikumbu ziwiri pamtengo wa kuseri kwa nyumba. Kwa ine zinali zomwe zija, zachikasu ndi zakuda, zolira vuu pa zipatso zowola. Iye anakana. Anatenga chamasiku onse chomwe ankasunga, naika chimodzi mwa ziwirizo pambali pake, n'kuzigadamiza.

"Onani, amama. Chamasiku onse pamimba n'chosalala, ichi chili ndi ubweya wofiira. Mwendo wakutsogolo, icho mano atatu, ichi awiri."

Anati mabuku onse a kuntchito anawatsegula, chikumbu chotere mulibe. Ziwiri zachilendozo anazibaya ndi singano m'kabokosi, nati Lachisanu masana abwana ake adzabwera kudzazitenga kuti zikapimidwe kunja.

Zonse ziwiri? Sabata imeneyo sindinakhazikike. Ndinkasesa posesa kale. Munthu akadutsa kumpanda ndinkaimirira. Anthu ndawaona ine: wolima ndi wina, wokolola ndi wina. Abwana akatenga zonse, mwana wanga adzatsala ndi chiyani chosonyeza kuti anazipeza ndiye?

Lachisanu m'mawa atapita kuntchito, ndinazula chimodzi n'kuchikwirira m'chitini cha phulusa, mmene ndimasungira mbewu za maungu chichokereni kwathu kum'mawa. Cha m'phulusa sichifumbwa, ndipo wakuba safunamo.

Masana anafika ali wefuwefu, patsogolo pa abwanawo, natsegula kabokosi.

"Amama, china chili kuti?"

"Kaya, mwina chauluka."

"Chakufa? Singano ili pamsana?"

"Lusaka ino zimachitika."

Sanaseke. Anati chikakhala chimodzi, abwana adzati n'chopunduka chabe cha mtundu wakale. Umboni ndi ziwiri zofanana. Popanda chinzake, ntchito yake yonse yathera pomwepo. Apo n'kuti galimoto ya abwana itaima kale pageti, atcheyamani a chipani a m'dera lathu akufunsa mlendoyo kuti ndani, wadzatani kuno. Tsiku lokhalo ndinathokoza mafunso awo.

Ndinalowa m'khitchini, ndinatuluka, ndinalowanso. Ndinachifukula chili mbuu.

"Amama, mwandipha!"

Anachiuzira pang'onopang'ono, kenaka anachiyandikizitsa kumaso. Phulusa linachoka ponse, koma linatsalira m'timaenje tating'onoting'ono ta pamapiko, tili m'mizere yowongoka ngati chimanga chodzala ndi chingwe. Anatapa phulusa lina n'kupaka pa chamasiku onse chija, nauzira. Timaenje take tinali balala, mzere palibe. Anapaka pa chotsala m'bokosi chija: mizere yomwe ija.

Abwana analowa akupukuta thukuta, atcheyamani ali pambuyo. Anawerama ndi kagalasi kawo nthawi yaitali, akuwerenga mano, akutembenuza, akubwereranso kumizere.

"Za phulusazi waganiza ndani?"

"Amayi anga," anatero mwana wanga, osandiyang'ana.

Ine ndinati, "Bambo, musanatuluke nazo, lembani papepala kuti mwatenga ziwiri, ndi dzina la wozipeza. Ba tcheyamani akhale mboni."

Mwana wanga anandiponda phazi. Abwana anaseka, koma analemba.

Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukata. Ndinali nditayamba kale kunena kuti ndinakuuza. Kalata yochokera kunja kuja itafika, inati ndi mtundu watsopanodi, ndipo dzina la wozipeza linali la mwana wanga. Anandiwerengera kawiri. Atapita kuntchito ndinaitengera kwa aphunzitsi oyandikana nafe kuti andiwerengerenso, kenaka kwa akatekisiti. Onse anawerenga zofanana.

Pepala la abwana lija ndikadali nalo, m'chitini chomwe chija. Adzukulu akafunsa kuti muli chiyani, ndimati mbewu za maungu.